Ndatola galu kumsika koma sindingamusunge mpaka kalekale, ndichite chiyani?

Funso: Ndimakhala ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, m'nyumba ya lendi, pamodzi ndi ana anga awiri a zaka 6 ndi 10. Masiku atatu apitawo ndinatola galu wamkazi kuseri kwa msika, wowonda mpaka nthiti kuwerengeka, ubweya utasosoka m'makutu ndi kumsana. Eni nyumba andilola kumusunga kwa miyezi itatu yokha. Aneba athu akumufuna kuti azilondera pakhomo pawo, ndipo msuweni wanga akuti ndimupatse iye kuti azimubereketsa n'kumagulitsa ana. Pakhomo pano palinso nkhuku. Ndimusamalire bwanji pa nthawi yochepayi, nanga ndimupereke kwa ndani?

Yankho: Mayi, miyezi itatu imene eni nyumba akupatsani ndi yokwanira kuchiritsa galu ameneyu ndi kumupezera khomo labwino, bola muyambe kuigwiritsa ntchito mwadongosolo kuchokera sabata ino. Pa funso lanu lachiwiri ndiyankhiretu kuti musamupereke kwa aneba kapena kwa msuweni wanu pakadali pano, ndipo zifukwa zake ndizifotokoza tikafika pamenepo. Chimene ndikufuna muchigwire kuyambira pachiyambi n'chakuti galu amene muli nayeyu mukukonzera munthu wina, kotero chilichonse chimene muchite m'masabata akubwerawa, kaya ndi chakudya, malo ogona kapena khalidwe limene mumuzoloweze, muzidzifunsa ngati chidzamuthandize akadzachoka pakhomo panu. Anthu ambiri amtima wabwino amalakwitsa kumapeto kwa ntchitoyi. Amachiritsa galu mosamala, koma nthawi ikawathera amamupereka kwa munthu woyamba amene watambasula dzanja, ndipo pakapita miyezi ingapo galuyo amapezekanso akutola zakudya pamalo omwe aja.

Musanapite patali, tsimikizani kuti galuyu alibedi mwini wake. Agalu ambiri amene timawaona akuyendayenda m'misika ndi m'makwalala a m'mizinda yathu ali ndi makomo kumene amabwerera madzulo ngakhale amaoneka osasamalidwa, ndipo munthu amene sankamupatsa chakudya akhoza kudzatulukira galu atanenepa n'kunena kuti munamubera. Bwererani kumsika kuja ndi chithunzi chake pa foni, mufunse ogulitsa nyama ndi ogulitsa tchipisi pamodzi ndi akuluakulu a komiti ya msika, chifukwa iwo amadziwa galu aliyense amene amadya pamalopo, komanso dziwitsani mfumu ya m'dera lanu kuti pakhale mboni. Yang'ananinso mawere ake. Ngati ndi otupa ndipo ubweya wowazungulira wasosoka chifukwa choyamwitsa, pali ana amene anawasiya penapake, mwina m'ngalande kapena pansi pa mabenchi, ndipo muyenera kukawafunafuna lero lomwe.

Nkhani yaikulu koposa ndi ya chiwewe, ndipo pamenepa ndichedwapo chifukwa pakhomo panu pali ana. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limayerekeza kuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi ku Asia, kuti pafupifupi onse amachitenga kwa agalu, ndiponso kuti anayi mwa anthu khumi aliwonse amene amafa nacho ndi ana osakwana zaka 15. Vuto la galu wotoledwa n'lakuti simudziwa zimene anakumana nazo. Kachilombo ka chiwewe kakalowa m'thupi kudzera pa bala kamayenda pang'onopang'ono m'minyewa kulunjika ku ubongo, ndipo galu akhoza kukhala nako kwa masabata kapena miyezi ingapo akuoneka wabwinobwino. Katemera amateteza galu amene sanatenge matendawa, koma sitingamudalire kuti achotse kachilombo kamene kanalowa kale. N'chifukwa chake ndikulangizani kuti kwa masabata awiri oyambirira galuyu akhale pamalo pake payekha, ana asamugwire, asawanyambite kumaso kapena pa zilonda, ndipo amene akumupatsa chakudya akhale munthu wamkulu. Ngati ali ndi mabala ooneka kuti analumidwa ndi nyama ina, muwauze adokotala a ziweto mosabisa, chifukwa galu wotere amafuna kumuyang'anira kwa nthawi yaitali kuposa pamenepa.

Anthu ambiri amaganiza kuti galu wachiwewe ndi wolusa yekha, woluma chilichonse chimene wakumana nacho. Palinso mtundu wina umene galu amangofooka, mawu ake amasintha, chibwano chimalendewera, dovu limatuluka ndipo amalephera kumeza, ndiye mwini wake poganiza kuti fupa lamuima pakhosi amapisa dzanja m'kamwa mwake. Musachite zimenezo ngakhale pang'ono. Galu amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi mumutsekere ndipo muitane alangizi a ziweto. Wina akalumidwa kapena kukandidwa mpaka khungu kung'ambika, tsukani balalo ndi sopo pa madzi oyenda kwa mphindi 15, kenaka pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mwina munamvapo za masiku 10 oyang'anira galu amene waluma munthu. Tanthauzo lake n'lakuti galu akakhalabe wamoyo ndi wathanzi patatha masiku 10 chilumireni, ndiye kuti malovu ake analibe kachilombo pa tsiku limene analuma. Masiku amenewa sauza munthu kuti adikire kaye osapita kuchipatala, komanso satsimikizira kuti galuyo sadzadwala chiwewe mtsogolo.

Sabata ino isathe musanamuonetse kwa dokotala wa ziweto. Ku Lilongwe kuli bungwe losamalira nyama la LSPCA, limene linakhazikitsidwa mu 2008 ndipo lili ndi chipatala cha ziweto, kulinso ofesi za boma za nthambi yoona za umoyo wa ziweto ndi madokotala ena oima paokha. Owerenga a ku Blantyre ali ndi bungwe lofanana nalo la BSPCA, ndipo mumzinda umenewo bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 m'chaka cha 2015, pofuna kufikira agalu 70 mwa 100 aliwonse, chiwerengero chimene chimadula kufala kwa chiwewe m'dera. Galu wanuyu akabayidwa adzakhala mmodzi mwa oteteza ana a m'dera limene apite. Kuwonjezera pa katemera wa chiwewe pali katemera wina wophatikiza amene amateteza ku matenda monga parvo, amene amatsegula m'mimba mwa magazi ndi kusanzitsa makamaka ana agalu, ndi distemper, amene amayamba ndi manthongo ndi mamina n'kudzagwira ubongo. Dokotala akhoza kuona kuti katemera wachiwiriyu adikire kaye mpaka galu atapezako mphamvu. Adzamupatsanso mankhwala a njoka za m'mimba, amene kwa galu wamkulu amabwerezedwa miyezi itatu iliyonse. Pemphani khadi lolembedwa masiku ndi mayina a akatemera onse ndipo mulisunge bwino, chifukwa khadi limeneli lidzapita naye limodzi.

Pa chakudya, chifundo chikhoza kumupha. Thupi limene lakhala ndi njala kwa nthawi yaitali likalandira chakudya chambiri nthawi imodzi, makamaka cha ufa, michere ina ya m'magazi imatsika mwadzidzidzi ndipo mtima ndi minofu zimafooka, kuwonjezera pa kusanza ndi kutsegula m'mimba. Yambani ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chimene galu wa msinkhu wake amadya pa tsiku, muchigawe kanayi, ndipo muziwonjezera pang'onopang'ono mpaka chikwane patatha sabata imodzi kapena kuposerapo. Nsima yokha simanga thupi la galu. Phala lolimba la mgaiwa losakaniza ndi dzira lowiritsa, usipa kapena bonya wosathira mchere, zam'kati za nkhuku zophika, ndi dzungu kapena mbatata pang'ono, ndi chakudya chabwino ndipo banja lambiri likhoza kuchikwanitsa. Mfundo yomalizayi ndi yofunika, chifukwa mukamuzoloweza chakudya cha m'matumba chodula cha m'sitolo mukuchepetsa makomo amene angamulandire. Musamupatse mafupa ophika a nkhuku, amene amasweka n'kubaya matumbo, ndiwo zotsala zodzaza anyezi ndi adyo, kapena chokoleti. Madzi oyera akhalepo nthawi zonse. Ndipo musamumwetse mankhwala a anthu monga Panado kapena Brufen, chifukwa mulingo umene kwa inu ndi wochepa ukhoza kuononga chiwindi, impso kapena chifu cha galu.

Kusosoka kwa ubweya kumene mwafotokoza kukhoza kukhala mphere, utitiri kapena chipere, ndipo kusiyanitsa zimenezi kumafuna kupala khungu pang'ono ndi kuliyang'ana pa makina oonera tizilombo. Mtundu wina wa mphere za agalu, umene umakonda kuyambira m'mphepete mwa makutu ndi m'zigongono ndipo umayabwa kwambiri, umatha kupatsira anthu totupa toyabwa, ndipo chipere nacho chimagwira ana mosavuta, choncho muzisamba m'manja mukamugwira. Oilo wakuda wa galimoto, dizilo ndi parafini, zimene anthu ena amapaka agalu amphere, zimaotcha khungu ndipo galu akazinyambita zimamudwalitsa. Dibi wa ng'ombe nayenso musamugwiritse ntchito popanda kuuzidwa mtundu ndi mulingo wake. Mphere zimachira bwino ndi mankhwala oyenera, ngakhale ubweya umatenga masabata angapo kuti umerenso. Tukulani mlomo wake, akayamba kukulolani, muone nkhama. Zikakhala zoyera m'malo mokhala zofiirira, galu akufooka ndipo sakudya, nthawi zambiri amakhala matenda obwera ndi nkhupakupa kapena njoka zoyamwa magazi, ndipo zimenezi sizidikira mawa. M'nyengo ya mvula samalaninso ndi mphutsi, chifukwa ntchentche yake imaikira mazira pa dothi lonyowa ndi mkodzo ndi pa ziguduli zachinyezi. Malo ake ogona akhale ouma, okwera pang'ono, ndipo chogonera chake muzichichapa ndi kuchiyanika padzuwa.

Tsopano za mtima wake. Galu amene wakulira pamsika amadziwa munthu ngati woponya miyala, ndipo mudzaona kuti mukangowerama kuti mutole chinthu pansi iye akudumpha kuthawa. M'masiku oyambirira akhoza kubisala, kukana kudya inu muli pafupi, kapena kungogona tsiku lonse, ndipo zimenezi sizisonyeza khalidwe lake lenileni. Musamukakamize kuti akukondeni. Khalani chapatali cham'mbali, osamuyang'anitsitsa m'maso, muzimuponyera tizidutswa ta chakudya n'kumusiya kuti abwere yekha. Mupatseni dzina lalifupi ndipo muziliitana pa nthawi ya chakudya. Nthawi yodyera ikhale imodzimodzi tsiku lililonse, chifukwa galu wamantha amakhazikika akadziwa chimene chikubwera. Amene amagwira ntchito m'malo osungira agalu opulumutsidwa amakonda kunena kuti galu amafuna masiku atatu kuti mantha aphwe, masabata atatu kuti adziwe dongosolo la pakhomo, ndi miyezi itatu kuti adzimve kuti wafika kwawo. Si lamulo la sayansi, ndipo agalu ena amatenga nthawi yotalikirapo, koma limathandiza kuti musamuweruze msanga. M'masabata oyambirirawa ndi mmenenso agalu otoledwa amathawa kwambiri, kotero yenderani mpanda wonse mutseke mipata, ndipo aliyense pakhomo adziwe kuti geti silisiyidwa lotsegula.

Nthawi yomupatula ikatha ndipo dokotala wavomereza, ana akhoza kuyamba kuzolowerana naye inu muli pomwepo. Auzeni kuti galu sagwidwa pamene akudya kapena akugona, samukumbatira m'khosi, samukwera pamsana ndipo samuthamangitsa. Akadzuma ndi kuonetsa mano musamumenye, chifukwa kudzuma ndi chenjezo, ndipo galu amene walangidwa chifukwa chochenjeza amaphunzira kuluma osachenjeza. Muchotseni mwanayo, kenaka muganizire chimene chinamuopsa galuyo. Zimene muyenera kumuphunzitsa ndi zochepa koma ndi zimene zimachititsa kuti banja latsopano limusunge kapena limubweze: kuvala lamba wa m'khosi, kuyenda pa chingwe osalimbana nacho, kubwera akaitanidwa, kulola kugwidwa makutu ndi mapazi, ndi kukhala yekha kwa maola angapo osalira. Muzimupatsa kachakudya pa nthawi yomweyo imene wachita bwino, ndipo maphunzirowo akhale a mphindi zochepa kangapo pa tsiku. Pemphani amuna odekha a m'banja lanu kapena a kumpingo kuti nawonso azimupatsa chakudya, popeza agalu ambiri otere amaopa amuna ndi anyamata kuposa amayi. Ngati mukudziwa kuti kumene apite azikagona pakhonde kapena m'kanyumba kake panja, musamuzoloweze kugona kuchipinda kwanu, ngakhale ana atachonderera.

Nkhuku zanu ndi mayeso abwino. Muyendetseni pa chingwe chapatali ndi nkhukuzo muone ngati akuziyang'ana n'kuzisiya kapena akuuma thupi n'kuzipenyetsetsa. Galu amene wapulumuka ndi kusaka yekha chakudya akhoza kusasiya msanga kugwira nkhuku, ndipo ngati wanuyu ndi wotero muyenera kulemba zimenezo pamodzi ndi zina zonse zimene mukuona: zimene amaopa, mmene amachitira ndi agalu ena, ngati amauwa usiku, ngati amakumba pansi pa mpanda. Kabuku kameneka ndi kamene kadzakuuzeni khomo lomuyenera.

Tibwere kwa msuweni wanu. Galu wamkazi amafuna amuna pafupifupi kawiri pa chaka, amakhala ndi bere kwa masiku pafupifupi 63, ndipo ulendo umodzi akhoza kubereka ana 5 mpaka 8. Ana amenewa ndi omwe timawaona atanyamulidwa m'manja m'mphepete mwa misewu ya Lilongwe, padzuwa, asanafike msinkhu wosiya kuyamwa ndiponso osabayidwa katemera, ndipo amene sagulidwa amathera kumene inu munatola mayi wawo. Kupereka galu amene wangochira kumene kuti azikabereka kawiri pa chaka n'kumubwezera m'mavuto amene mwamuchotsamo. Langizo langa n'lakuti galuyu atsekedwe kuti asaberekenso asanachoke m'manja mwanu, ndipo musadalire lonjezo la munthu wina lakuti adzachita yekha, chifukwa malonjezo otere amaiwalika ndalama ikasowa. Opaleshoni yotseka imachitika galu akabwezeretsa thupi, nthawi zambiri m'mwezi wachiwiri wa chisamaliro chotere, ndipo bala limapola m'masiku 10 mpaka 14. Imamuteteza ku mafinya a m'chiberekero, amene amapha agalu aakazi ambiri akamakula, komanso imamuchotsa m'magulu a agalu okwerana mmene mumafalikira chotupa chotuluka magazi kumaliseche chimene agalu amapatsirana. Ngati ali kale ndi bere dokotala adzakuuzani zoyenera kuchita. Zimene ena amanena kuti galu wotsekedwa kapena wofulidwa salondera si zoona, ndipo amakhala pakhomo kwambiri chifukwa alibe chomuyendetsa usiku. Msuweni wanu akamva kuti galu watsekedwa n'kumufunabe, pamenepo mukhoza kuyamba kukambirana naye ngati wina aliyense.

Za aneba anu sindikufuna kuweruza mopupuluma. Kufuna galu wolondera si tchimo, ndipo kunena zoona makomo ambiri m'dziko muno amasunga galu pa chifukwa chimenechi. Galu wachikuda amene amadya bwino, amayenda momasuka mkati mwa mpanda ndipo amadziwa anthu a pakhomo pake ndi mlonda wabwino kwambiri, chifukwa ntchito yake ndi kuuwa n'kudzutsa anthu. Chimene muyenera kufufuza ndi tanthauzo la kulondera m'maganizo mwa aneba anuwo. Pali chikhulupiriro chofala chakuti galu amalusa akatsekeredwa m'kakhola kamdima usana wonse, akamangidwa pa tcheni chachifupi, akamanidwa chakudya, kapena akapatsidwa tsabola ndi chamba. Galu woleredwa motero amakhala wamantha ndi wosokonezeka, ndipo amene amawaluma kawirikawiri ndi ana a pakhomo pomwepo ndi alendo. Nkhanza zotere ndi zolakwiranso lamulo loteteza nyama la dziko lino. Palinso vuto lina losakhudza khalidwe la aneba: galu amene wazolowera pakhomo panu akaperekedwa kuseri kwa mpanda adzabwerera pageti panu tsiku lililonse, ndipo eni nyumba adzaona ngati simunasunge pangano.

Kufunafuna khomo kuyambe kumayambiriro kwa mwezi wachiwiri, ubweya ukayamba kumera, osadikira sabata yomaliza. Mujambuleni panja m'mawa kapena chakumadzulo, foni ili pa msinkhu wa maso ake, ndipo mutengenso kavidiyo kakafupi akuyenda pa chingwe kapena akubwera ataitanidwa. Yambani ndi anthu amene mukhoza kuwatsatira, monga a kumpingo, a kuntchito ndi a m'magulu a WhatsApp a m'dera lanu, kenaka Facebook, ndipo dziwitsaninso a LSPCA, amene amagwira ntchito yopezera agalu ndi amphaka makomo atsopano. Polemba uthenga nenani zoona zokhazokha: msinkhu wake, akatemera amene walandira, kuti ndi wotsekedwa, zimene amachita bwino ndi zimene zimamuvuta. Kubisa kuti amagwira nkhuku kungakupezereni khomo msanga, koma tsiku limene adzagwire tambala wa eni ake adzamenyedwa kapena kuthamangitsidwa. Musalembe kuti ndi waulere. Kupempha kuti wotenga abweze gawo la ndalama za katemera kumasonyeza ngati munthuyo adzakwanitse ndi kufuna kulipira galu akadzadwala, ndipo ndalamayo mukhoza kuichepetsa mukaona kuti khomo ndi labwino.

Mwa mafunso onse amene mungafunse munthu wofuna galu, lothandiza kwambiri ndi lakuti galu wake womaliza anathera kuti. Amene ayankhe kuti anakalamba n'kufa pakhomo, kapena kuti anadwala ndipo anayesa kumupititsa kuchipatala, wakuuzani zambiri. Amene ayankhe kuti agalu sakhalitsa pakhomo pake, kuti anangosowa, kapena kuti ana agalu angapo anafa motsatizana ndi kutsegula m'mimba, wakuuzaninso zambiri, ndipo pa yankho lomalizali dziwani kuti kachilombo ka parvo kamakhala m'dothi kwa miyezi yambiri. Funsaninso ngati nyumbayo ndi yawo kapena ya lendi ndi ngati eni ake avomereza, amene azimupatsa chakudya tsiku ndi tsiku, ndi amene adzamusamale banja likapita kumudzi ku maliro kapena pa tchuthi. Ngati ndi munthu wochokera kunja amene ali kuno pa ntchito ya zaka zochepa, funsani chimene chidzachitike ntchitoyo ikatha, chifukwa agalu ena amasiyidwa ndi alonda pa nyumba imene mwini wake wasamuka. Mukatha kufunsa, pitani mukaone ndi maso anu, ndipo musapite nokha kunyumba ya munthu amene mwangodziwana naye pa intaneti. Yang'anani mpanda, mthunzi, mbale ya madzi, ndi thupi la ziweto zina zimene zilipo. Onani ngati mayi wa pakhomopo akumufunadi galuyo, popeza kawirikawiri amene amapempha ndi bambo koma amene amaphika chakudya chake ndi mayi kapena wantchito. Khomo losauka limene galu amadya zimene banja ladya ndipo amagona pakhonde nthawi zambiri limaposa nyumba ya mpanda wa njerwa kumene galu amaonedwa ndi mlonda yekha. Munthu amene akukana kuti mukaone pakhomo pake musamupatse galu.

Mukapeza khomo lokukhutiritsani, banjalo libwere kaye kudzamuona kwanu, makamaka kawiri, ndipo ngati ali ndi galu wina awiriwo akakumanire panjira, aliyense ali pa chingwe, asanalowe mumpanda. Lembani pangano lalifupi pa pepala limodzi, aliyense asunge lake, lonena kuti galu azibayidwa katemera wa chiwewe chaka chilichonse, sadzakhala womangidwa kapena wotsekeredwa usana ndi usiku, sadzagulitsidwa kapena kuperekedwa kwa wina inu osadziwa, ndipo zikavuta adzabwezedwa kwa inu. Ena amaona ngati kulemberana pa nkhani ya galu n'kuonjeza, koma pepalalo limathandiza kuti zimene mwagwirizana zisasinthe pakamwa. Gwirizanani kuti masabata awiri oyambirira ndi oyeserera. Ichi n'chifukwa china choyambira msanga, kuti galu akabwezedwa mukhale mudakali mkati mwa miyezi imene eni nyumba anakupatsani. Mumuperekeze nokha m'mawa wa tsiku limene banjalo likhale pakhomo, mutatenga khadi lake la katemera, mbale yake, chiguduli chimene amagonera chosachapa kuti fungo lake likhalepo, ndi chakudya cha masiku angapo chimene anazolowera. Auzeni kuti mantha a masiku oyambirira adzabwereranso ndipo geti alisamale. Ngati akupita ku boma lina, funsani ku ofesi ya za ziweto za chikalata choyendera musananyamuke. Imbani foni patatha masiku atatu, mukamuone patatha masabata awiri, ndipo pambuyo pake chithunzi cha apo ndi apo n'chokwanira, chifukwa kupitapita kumachedwetsa galu kuzolowera eni ake atsopano.

Ana anu auzeni lero kuti galuyu ndi mlendo amene akuchira, ndipo apatseni mbali pa ntchitoyi, monga kusankha chithunzi chotumiza kwa anthu kapena kupita nawo pokamusiya. Adzalira ndithu, mwinanso inu nomwe, koma mwana amene wadziwa kuyambira pachiyambi savutika ngati amene wangopeza galu palibe pochokera kusukulu.

Zikachitika kuti mwezi wachitatu wafika pakati khomo lisanapezeke, pitani kwa eni nyumba nthawi isanathe, muwaonetse khadi la katemera ndi umboni wakuti mukufunafuna, ndipo mupemphe masabata owerengeka okhala ndi tsiku lenileni lothera, chifukwa pempho lotere limamveka kusiyana ndi kungokhala chete mpaka akufunseni. Funsani mnzanu wodalirika ngati angamusunge kwa kanthawi pa mfundo zomwezi, ndipo lankhulani ndi mabungwe osamalira nyama mwamsanga podziwa kuti malo awo amadzaza. Kumutumiza kumudzi kukhoza kukhala bwino ngati kuli munthu amene wamupempha yekha ndipo mukudziwa kuti chakudya chilipo ngakhale m'miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale. Ngati munthu wotero kulibe, musamukweze galimoto yopita kumudzi, ndipo musamubwezere kumsika.